Chifuwa cha M'mabango

Atsekwe a m'dambo lija sankalira pakati pa usiku. Aliyense wogwira ntchito kumalo otetezera mbalame aja ankadziwa zimenezo. Koma sabata yachiwiri ya chilimwe, achule atangotonthola, m'mabango munamveka tsekwe akulira katatu, pang'onopang'ono, kenako munthu wamkazi n'kutsokomola.

Kutacha atsekwe anali asanu ndi awiri. Dzulo lake anali asanu ndi atatu.

Wowerenga anali mtsikana wongodzipereka amene anzake ankamutcha Namanyazi. Anali atangomaliza koleji, ndipo ntchito yake inali kuyenda pa mlatho wamatabwa m'bandakucha, kabuku kumanja, kulemba mbalame iliyonse. Atsekwewo anali a mtundu wosowa, ang'onoang'ono, obiriwira kumsana, ndipo ankabwera nyengo yotentha yokha, awiriawiri.

Usiku wotsatira zinamvekanso, wina n'kusowa.

"Ndalondera pano zaka khumi ndi ziwiri," Alonda ananong'ona m'shedi yosungira majombo, "koma mbalame yotsokomola sindinaimvepo. Amati kale mayi wina anamira kumeneko akudula bango."

"Mzukwa wodwala chimfine?" anaseka Anesi, mayi wopuma pantchito yachipatala amene ankathandiza kuzula namasupuni. "Muuzeni abwere ndimubaye jakisoni."

Nthawi yomweyo fumbi la m'shedimo linamukanda Namanyazi kukhosi. Anatsokomola kawiri, mouma. Kuseka kunatha. Alonda anafutuka pang'ono pa benchi.

"Iwe mwana," anatero Anesi, maso ali tong'o, "tatsokomolanso."

Pofika Lachinayi atsekwe anatsala asanu, ndipo palibe amene ankafuna kukwera bwato limodzi ndi Namanyazi. Abwana, woyang'anira malowo, anamuitanira mu ofesi, momwe munali zithunzi za mbalame khoma lonse.

"Mtsikana iwe, anthu akulankhula. Ine za ufiti sindikhulupirira, koma chifuwacho n'chako. Akasowanso mmodzi ubweze majombo, ndipo kalata yokuchitira umboni uiwale."

"Pepani, bwana," anayankha.

Anatuluka. Miyezi iwiri misundu ikumuyamwa m'miyendo, udzudzu ukumudya m'makutu, ndiye lero iye ndiye mfiti? Chomwe chinamupsetsa mtima koposa chinali pakamwa pake pomwe. Anapepesa chiyani?

Madzulo amenewo sanapite kwawo. Anagogoda pa kanyumba ka Alonda.

"Bambo, lero ndilondera nanu. Mundiyang'anire pakamwa."

Anatsetsereka pa mlatho osayatsa tochi, mpaka kumapeto kwenikweni, kumene Alonda anali asanayerekezepo kufika chiyambire zodabwitsazi. Kunalibe mwezi. Mpweya unali wotentha, wonunkha matope ndi masamba owola, ndipo ziphaniphani zinkayaka n'kuzima pamwamba pa madzi akuda bii. Achule ankasokosa mbali zonse. Kenako a kumanzere anatonthola, a pakati n'kutsatira, batalo likuyandikira ngati munthu woyenda monyang'ama.

Tsekwe analira. Kachiwiri. Kachitatu. Chifuwa chija chinamveka pafupi, kuseri kwa mabango, pakamwa pa Namanyazi pali potseka. Alonda anagwira chibonga ndi manja onse, milomo ikupemphera.

Ndipo chifukwa anali pafupi chomwecho, anamva chimene sichinkafika ku kanyumba kuja: mawu aang'ono, amanyazi, otsatira chifuwacho.

"Pepani."

Namanyazi anawazindikira mawuwo: anali ake. Anakumbukira m'mawa wina sabata yathayo, pamene Abwana anamutuma kukajambula kulira kwa atsekwe, akuti n'kofunika pa kafukufuku. Ali mkati mojambula anatsokomola, ndipo mwa chizolowezi chake anapepesa, ngakhale panalibe munthu. Zojambulazo anapatsa munthu mmodzi yekha.

Analanda tochi m'thumba la Alonda n'kuyatsa.

Abwana anali m'madzi olekeza m'chiuno, ukonde m'manja. Pa ndodo yozikidwa m'matope panamangidwa kasipika, ndipo paphewa pawo panali thumba lomwe linkagwedezeka lokha.

"Zimitsa! Ndili pa kafukufuku."

"Kafukufuku wa m'thumba?" Mawu a Namanyazi anamveka mpaka kutsidya, ndipo Alonda anachita kutembenuka kuti aone ngati analidi iye. "Mwaba mawu anga kukaitanira mbalame mu ukonde. Mwandiimika mu ofesi ngati wakuba, mutakhala pansi pa zithunzi zawo! Ndikudutsa anthu akulavula, inu muli phee! Atatu aja mwagulitsa kuti?"

"Iwe, ukudziwa amene ukulankhula naye?"

"Ndikudziwa. Masulani thumbalo."

Kasipika kaja kanayambiranso kokha: kulira katatu, chifuwa, "Pepani."

"Ameneyo si ine," anatero Namanyazi. "Ine sindikupepesa."

Alonda anali atatsikira kale m'madzi. "Bwana, ndiye mzukwa uja ndinu? Ine kusala tulo sabata yonse, mkazi wanga kundimangira mchere m'thumba! Bweretsani kuno."

Atsekwe awiri anatuluka m'thumba muja n'kuthawira mumdima. Kutacha apolisi anabwera kudzatenga Abwana, thalauza lawo lidakali lamatope. Anesi anabwera ndi tiyi, akuyang'ana pansi. Namanyazi sanalandire. Anatenga kabuku kake n'kupita kukawerenga.

Anali asanu: awiri apa, awiri apo, ndi wamwamuna mmodzi payekha, amene mkazi wake anali m'gulu la ogulitsidwa.

Kasipika kanapita ndi apolisi. Komabe usiku wa tsiku lomwelo, achule ali mkati mosokosa, m'mabango munamveka tsekwe. Alonda akuti tsekweyo analira katatu, pang'onopang'ono, kenako n'kusiya, ndendende pamalo pa chifuwa paja. Anadikira. Dambo lonse linali zii. Kenako anayambanso.