Usaike Foni Kukhutu

Pa siteji ya basi m'mawa umenewo aliyense anali ndi mavuto ake, koma bambo wina wa tayi yofiira anasankha kusamala za eni.

Pambali pake panaima mtsikana akukalipa pa foni. Anali ataipanikiza kukhutu ndi phewa, manja ali m'chikwama kusakasaka chipeso. Ku saluni kumene ankaluka tsitsi ankamutcha Kachipeso, poti tsiku silinkapita osataya chipeso.

"Pepani chemwali," anatero bamboyo mtsikanayo atadula foni. "Chipeso chili m'mutumo. Koma ine chandidetsa nkhawa ndi mutu weniweniwo."

"Watani mutu wanga?"

"Mukuupsereza. Foni imatulutsa cheza, ngati cha dzuwa, koma chosaoneka. Mutu wokongola chonchi n'kumauwamba pamoto?"

Kachipeso anaseka. Amuna anali atamufunsirapo ndi mavesi, ena ndi makiyi a galimoto yobwereka. Koma wofunsira ndi sayansi, uyu anali woyamba!

Mmene basi inkafika, nambala inali itaperekedwa kale.

Atsikana a ku saluni sanachedwe kumupatsa dzina bamboyo: a Tayi. Ankayenda m'maofesi kugulitsa inshulansi, ndiye mukudziwa kale kuti pakamwa panali pothira shuga. Munthu amene amadya chifukwa chokuopseza ndi imfa, angalephere kukuopseza ndi foni?

M'mawa uliwonse uthenga unkagwa. "Kamtima kanga, wadzuka bwanji? Ndikakuimbira uike pa sipika. Usaike foni kukhutu, ubongo wakowo ndi wa ana athu."

Ana athu! Kachipeso ankawerenga mawu amenewa mpaka batire kutha.

Tsiku lina a Tayi anatenga foni yake n'kumata kumbuyo kwake kasitika kagolide kooneka ngati mtima.

"Aka kamayamwa cheza chonse," anatero. "Ndinachita kuitanitsa kunja. M'tauni muno kalipo kamodzi kokha, ngati iweyo."

Zonse zinali bwino, kupatula chinthu chimodzi. Dzuwa likangolowa, foni ya a Tayi inkafa. Ukaimba, unkangomva mayi wa mu foni uja akupepesa kuti nambalayi sikupezeka. Mpaka m'mawa.

"Ndimaizimitsa n'kuitsekera m'chitini cha mabisiketi," anafotokoza a Tayi. "Kukada cheza chimalusa, duwa langa. Ukufuna ndidzakusiye wamasiye usanavale n'komwe chophimba kumaso?"

Kachipeso anakaifotokoza nkhaniyi kwa akulu ake, mayi wa ana atatu amene anasiya kalekale kukhulupirira amuna ndi olosera zanyengo. Anawapeza akusita.

"M'chitini?" Akulu akewo anaimika simbi. "Ine foni ndimagona nayo pansi pa pilo chikwatiwire. Tandiyang'ana, ndapsa pati?"

"Mwina mkati."

"Mkati anandipsereza ndi alamu ako, osati foni! Tamvera. Za chezazi ndinafunsapo anesi ku sikelo, nthawi imene anthu ankatumizirana mauthenga oopsezana. Iwo akuti ofufuza sanapeze umboni wogwirika woti foni imawononga ubongo, ndipo amene mtima ukumuvuta agule mahedifoni. Koma zoti cheza chimagwira shifiti ya usiku ngati alonda, ayi, sananene."

"Inu simumudziwa. Amandisamala."

"Mng'ono wanga, bambo akowo sakuopa cheza. Akuopa macheza. Funsa kuti ndani amakhala pambali pawo dzuwa likalowa."

Mawuwo anamulowa ngati chisonga. Kunyumba kwa a Tayi anali asanapondeko, akuti landilodi ngwovuta. Anzawo sankawadziwa ndi mmodzi yemwe. Nanga bwanji Loweruka ndi Lamlungu cheza chinkalusa ngakhale masana?

Mawa lake pa nthawi yopuma anakumana pa benchi kuseri kwa saluni, ndipo Kachipeso sanazungulire.

"Kodi muli ndi mkazi?"

A Tayi anagwira pachifuwa ngati abayidwa. "Ine? Kamtima, ukundikayikira? Ndikuteteza moyo wako, iwe ukundipatsa mlandu?"

"Ndangofunsa."

"Chabwino. Lamlungu lino ndibwera kudzaonekera kwa amayi ako. Mphete ndaiona kale. Ndikunena pamaso pa Mulungu, sindidzakukhumudwitsa mpaka dothi litandikwirira."

Ndipo misozi inalengeza m'maso mwawo. Misozi yeniyeni, yonyowa! Munthu ungapitirize bwanji mlandu woimbidwa mlanduyo akulira?

Madzulo omwewo Kachipeso anawauza amayi ake. Amayiwo anavina pabalaza, anachapa nsalu za pamipando, n'kupita kukagula makatani atsopano kuti mkamwini asadzaone ong'ambika aja.

Lachisanu masana mu saluni munalowa kasitomala wachilendo, mayi woyembekezera, wa nkhope yofatsa. Anafuna malukidwe ang'onoang'ono oti akhale nawo mpaka akachire. Anakhala pampando wa Kachipeso, koma asanatsamire anatulutsa foni n'kuipereka.

"Mundiikire patali, sisi, pa shelefu apo. Isayandikire mimbayi."

Kachipeso anailandira, n'kuitembenuza. Kumbuyo kwake kunali kamtima kagolide.

Mtima wake unadumpha. Koma anadzilimbitsa. Masitika si amagulitsa paliponse? Wakunja uja anangotumiza kamodzi dziko lonse lapansi? Anatenga chipeso n'kuyamba kugawa tsitsi.

"Kasitika kokongola," anatero, mawu akuwakoka ngati ndowa ya pachitsime. "Munagula kuti?"

"Amuna anga anachita kuitanitsa kunja. Akuti m'tauni muno kalipo kamodzi kokha." Mayiyo anamwetulira pagalasi. "Amuna anga ndi nkhani ya cheza, simungawathe! Masana amandiletsa kuwaimbira, akuti foni ikalira ili m'thumba la malaya imagwedeza mtima."

"Nanga madzulo?"

"Akangolowa m'nyumba, foni yawo thii, m'chitini. Akuti kuteteza mwanayu."

"Chitini cha chiyani?"

"Cha mabisiketi. Mwadziwa bwanji kuti pali nkhani ya chitini? Nanunso anu amatero?"

"Amatero," anayankha Kachipeso.

"Ndiye tili ndi mwayi, sisi. Amuna osamala chonchi anatha."

Mtsikana wa pampando woyandikana nawo, amene ankatsuka tsitsi la kasitomala wina, anatseka mpopi. Mu saluni munangotsala kulira kwa dilaya.

Zala za Kachipeso zinkaluka zokha, mutu uli kwina. Masana ake, usiku wa mayiyu. Cheza chomwecho, chitini chomwecho! Komabe kamtima kopusa kankanong'ona kuti mwina ndi mnzawo wa kuntchito, mwina anaphunzitsana. Kodi amuna ovala tayi atha m'dziko?

Ndiye foni yake inalira patebulo, pakati pa mafuta ndi mapini. Pagalasi la foniyo panalembedwa kuti "Wanga."

Akanatha kuisiya ilire. Akanatha kuthamangira nayo kuseri n'kuiika kukhutu, Lamlungu n'kudzafika bwinobwino, makatani ali pawindo. Anayang'ana foniyo, anayang'ana mimba ya mayi uja.

Kenako anachita zimene anaphunzitsidwa. Anadina sipika.

"Kamtima kanga!" Mawu a a Tayi anadzaza saluni yonse. "Uli pa sipika eti? Usaike kukhutu, ubongo wakowo ndi wa ana athu. Tamva, za Lamlungu zija, amayi ako amakonda nsalu ya mtundu wanji?"

Mutu umene unali m'manja mwa Kachipeso unauma gwa. Pagalasi maso awiri anakumana ndi maso awiri. Panalibe chofunsanso.

Mayi uja anawerama pang'ono kuyandikira foni.

"Bambo a mwana," anatero mofatsa, "amakonda yofiira. Ngati tayi imene ndakusitirani m'mawa."

Kumbali inayo kunamveka kupuma, kenako kutsokomola.

"Halo? Halo? Netiweki ikuvuta... cheza..."

Foni inaduka.

Palibe anaseka, ngakhale mtsikana wotsuka tsitsi uja amene amaseka ndi pamaliro pomwe. Misozi ya Kachipeso inagwera pa tsitsi la mwini mwamuna.

"Amayi, sindimadziwa. Ndikulumbira, ndinawafunsa, analira..."

"Amaliradi. Tsiku limene ankandifunsira ananyowetsa mpango wonse." Mayiyo anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kukhala tsonga. "Malizani kundiluka, sisi. Sindingapite kunkhondo ndi mutu wolukidwa theka."

Kachipeso analuka. Sanalukepo bwino chotero chiyambire ntchito. Atamaliza, mayiyo anadziyang'ana pagalasi, anatenga foni yake pa shelefu, anamatula kamtima kagolide kaja ndi chikhadabo n'kukasiya patebulo. Foniyo anaiika m'thumba la diresi, pamimba penipeni, n'kutuluka.

Uthenga wa a Tayi unagwa pa foni ya Kachipeso. "Kamtima, ndikufotokozera zonse. Si mmene ukuganizira."

Kachipeso anamatula kamtima ka pa foni yake, n'kukaika pambali pa kanzake. Timitima tiwiri, kalikonse kamodzi kokha m'tauni.

Anatuluka kupita pa benchi paja. Anasaka nambala ya amayi ake, ndipo foniyo anaikanikiza kukhutu mwamphamvu mpaka khutu linatentha.

"Halo mwanawe!" anayankha amayi ake mosangalala. "Ndili pampando ndikupachika makatani aja. Akukhala bwino kwabasi!"

Kachipeso anakhala pa benchipo.

"Amama, tsikani pampandopo kaye. Ndikufuna ndikuuzeni nkhani."