Imba, Filesi!

Filesi anali ndi vuto lalikulu. Nyumba yawo inalibe denga.

Filesi ankakhala pa pulazi, munda waukulu wa fodya, kufupi ndi tauni ya Karoi, kudziko la Ashona. Anali atangofika kumene kuchokera ku Nyasalande. Anabwera pa lole ndi bambo, mayi ndi khanda lawo, Yesaya. Chishona sankachimva ngakhale pang'ono.

Loweruka masana kunja kunada bii. Mphepo inawomba. Matalala anagwa. Anang'amba fodya m'munda. Mphepo inanyamula denga la nyumba ya Filesi. Inaliponya kutali. Mtengo wa denga unagwera bambo pamwendo.

M'mawa kutacha, zonse zinali zonyowa. Mphasa inali yonyowa. Bulangete linali lonyowa. Yesaya ankatsokomola, kho! kho! kho!

Mayi anayang'ana kumwamba. Mitambo inali kubweranso.

"Mvula ikagwanso, mwanayu ndimubisa kuti?" anafunsa mayi.

Bambo sakanatha kuima. Nyumba yawo inali kumapeto kwa komboni, kuseri kwa mabulugamu. Palibe amene ankawaona.

"Tiyeni tipemphere," anatero bambo. "Ambuye, ndife alendo kuno. Musatiiwale."

"Ameni!" anakuwa Filesi. Kenaka anathamangira kumsewu.

Kumsewu kunali anthu ambiri. Linali Lamulungu, koma sanali kutchalitchi. Ena anasenza udzu. Ena anasenza mitengo. Ena ananyamula luzi. Ankapita kukakonza nyumba zakugwa.

Filesi anachita manyazi.

Mayi wina anaima. Anali Mai Chenai, Mshona wa mumpingo. Anaona matope m'miyendo ya Filesi. Anaona misozi m'maso mwake.

"Mwanangu," anatero Mai Chenai m'Chishona, "imba yenyu iripi?"

Filesi anamva liwu limodzi lokha. Imba!

"Ndiimbe?" anadabwa Filesi. "Ndi njalayi?"

"Imba," anatero Mai Chenai. "Imba, imba!"

Eee, mayi ameneyu! Mwana akulira, iwo akufuna nyimbo? Koma Filesi anali mwana womvera. Anapukuta mphuno. Anaima njo. Anayamba kuimba.

"Yesu, ndioneni, ndili pano.
Mvula yagwa, ndili pano."

Mai Chenai anangoti kukamwa yasa.

Filesi anaganiza kuti sakumveka. Anakweza mawu.

"Yesu, ndioneni, ndili pano!"

Anthu osenza udzu anaima. Anthu osenza mitengo anaima. A Kalino, mkulu wa mpingo, anatula mtolo wawo.

"Chinyanja ichi!" anatero a Kalino. "Mwana wakwathu uyu! Iwe mwana, ukuimbiranji pamsewu?"

"Mayi awa andiuza kuti ndiimbe," anayankha Filesi.

A Kalino anafunsa Mai Chenai. Kenaka anaseka mpaka kugwira nthiti.

"Mwanawe, m'Chishona imba ndi nyumba! Akufunsa kuti nyumba yanu ili kuti."

Mai Chenai anaseka. Anthu onse anaseka. Filesi anabisa nkhope m'manja. Koma mwamsanga anakumbuka Yesaya.

"Nyumba yathu ilibe denga," anatero. "Bambo avulala. Mwana akutsokomola."

Kuseka kunatha.

"Tsogola," anatero a Kalino. "Lero tipemphera ndi manja."

Filesi anatsogola. Anthu anamutsata. Anadutsa mabulugamu. Mayi atawaona, anagwira pakamwa.

Ntchito inayamba. Azibambo anamanga mitengo. Azimayi anapatsirana udzu. A Jafali anabwera ndi nkhwangwa yawo. Iwo anali Msilamu, koma anakwera pamwamba msanga kuposa onse.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero a Jafali. "Ponyani luzi!"

Filesi anaponya luzi. Anaponyanso. Anaponyanso.

Mai Chenai anavula nsalu yawo youma. Anamufunditsa Yesaya. Anamanganso mwendo wa bambo.

Mitambo inayandikira. Mphepo inayamba kuzizira. Bingu linagunda.

"Fulumirani!" anakuwa Filesi. "Chonde fulumirani!"

Mtolo womaliza unakwera. A Jafali anaumanga zolimba. Anatsika. Pomwepo dontho linagwa pamphumi pawo.

"Lowani nonse!" anaitana mayi.

Onse analowa. Nyumba inali yaing'ono. Anthu anapanikizana ngati chimanga m'nkhokwe. Wina anaponda phazi la a Kalino. A Kalino sanadandaule.

Mvula inagwa. Inagwa kwambiri. Inagwa waa!

Bambo anavula chipewa.

"Zikomo, Ambuye," anatero. "Zikomo, anthu inu. Ndilibe mawu."

Misozi inatsika m'masaya mwa mayi. Inali misozi yachimwemwe.

Mai Chenai anamugwira Filesi paphewa. "Imba!" anatero.

"Iti?" anafunsa Filesi. "Yaudzu kapena yapakamwa?"

A Kalino anamasulira. Nyumba yonse inaseka. Kenaka onse anaimba, ena m'Chishona, ena m'Chinyanja.

Filesi anayang'ana denga. Anafufuza podontha. Anafufuza apa. Anafufuza apo. Kenaka anagwira mutu wa Yesaya.

"Amayi, gwirani," ananong'ona Filesi. "Mutu wake ndi wouma."

Mayi anagwira. Unalidi wouma. Ndipo Yesaya anali atagona tulo.