Mayeso a pa Mlatho wa Matabwa

Pamene Zakeyu Ndau ankakhoma loko pa chitseko cha holo ya pa esiteti, 9 koloko ya usiku inali itakwana kale. Tsiku lonselo anali akuyesa anthu ofuna malo m'zisudzo za nyengo yotentha, zomwe gulu lawo limaonetsa Loweruka lililonse kuyambira Okotobala mpaka mvula itagwa, tiyi asanachuluke m'minda. Masewero awiri anali atapeza kale anthu. Sewero lachitatu, lomwe linayenera kutsegulira nyengoyo patangotsala masabata awiri, linalibe mwini. Linali sewero lakale la gululo, la mayi wothyola tiyi amene mwana wake anapita ku Joni osabwerera. Amayi asanu ndi anayi anayesa. Wina ankaseka pofika polira, wina ankakuwa ngati akuitana nkhuku.

"Aphunzitsi, gonani konkuno, kwada," anatero Winston, woimba ng'oma wa gululo. "Njira ya kumlatho si yoyenda nokha."

Zakeyu anaseka. Anali atakhala ku Thyolo zaka zitatu zokha chichokere kwawo ku Ntcheu, koma ankati njira zonse za m'tiyi anazimaliza ndi phazi.

"Ine mizimu ndimaiphunzitsa polowera ndi potulukira pa siteji, achimwene. Ikandiona idzaima bwino."

Anapanira fayilo ya sewero m'khwapa n'kuuyatsa ulendo wa ku sukulu komwe ankakhala, cha kumbali ya Chimaliro.

Usiku unali wotentha. Fumbi la mumsewu linkafika m'akakolo, ndipo tiyi anali atangoti bii mbali zonse ziwiri, wosalala ngati wometedwa ndi lumo. Kumbuyo makina a ku fakitale ankalira chapansipansi. Zakeyu ankayenda akuimba mluzu, mutu uli pa ntchito. Akapanda kupeza mayi uja pofika Lachisanu, a komiti anali atanena kale kuti holoyo aipereka kwa oonetsa mpira pa kanema. Iye sankakhulupirira kuti zingafike pamenepo. Munthu apezeka basi.

Atadutsa nyumba zomaliza za ogwira ntchito, njira inatsetsereka n'kulowa m'mitengo ya bulugama. Phokoso la fakitale linazimirira. Patsogolo panali mlatho wa matabwa, pansi pake kamtsinje komwe mwezi umenewo kanali mchenga wokhawokha.

Pakati pa mlathowo panaima munthu.

Zakeyu anayatsa tochi ya pa foni. Anali mayi wachitsikana, wovala duku ndi chitenje, dengu lothyolera tiyi lili kumsana. Nkhope anaweramitsa.

"Mwaswera bwanji, mayi?"

"Ndachedwa, aphunzitsi? Mwatseka?"

"Tatseka chiyani?"

"Mayeso a sewero. Ndimabwera. Madzi ndi amene anandichedwetsa."

Zakeyu anasuzumira pa mchenga wouma uja, n'kuganiza kuti mwina mayiyo ankanena za mzere wa pa mjigo. Mantha analibe. Chimene anaona iye ndi munthu wachikhumi wofuna malo.

"Holo ndatseka, koma khutu sindinatseke," anatero akutsamira chitsulo cha m'mbali. "Siteji ndi yomweyi. Dzina?"

"Teleza Namakhwa."

Analemba pachikuto cha fayilo, kenako anasolola pepala kuti amupatse. Mayiyo anapukusa mutu.

"Ndinaloweza kale."

Anatula dengu pansi, n'kuyang'ana kumunsi kwa mtsinje, n'kuyamba.

"Justice mwanawe, tiyi waphukanso kasanu chichokere iwe. Nsapato zako ndimazipukuta Lamulungu lililonse. Anzako akandifunsa ndimati uli m'njira..."

Zakeyu anaima chilili. Mawuwo sanali okweza, koma ankalowa m'mafupa. Mayiyo ankapuma pamene iye mwini akanati apume, ankameza malovu pamene mayi weniweni angameze. Tsiku lonse lija anali kufunafuna zimenezi! Anatsegula fayilo n'kumalondola ndi chala mzere ndi mzere. Sanaphonye liwu ngakhale limodzi.

Chala chinafika pansi pa tsamba lomaliza. Pamenepo sewerolo linkathera m'malere, chifukwa tsamba lotsatira linasowa kalekale, ndipo Zakeyu ankati alemba yekha mathero.

Mayiyo sanaime.

"Usaope kubwera chimanjamanja, mwanawe. Ine sindinabereke katundu. Ukapeza chitseko chotseka, kankha, sindinakhome..."

Mawu amenewo papepala panalibe.

Zakeyu anadzutsa mutu. Apa m'pamene anamva kachiphokoso kena. Tho... tho... tho... Analozetsa tochi pansi. Madzi ankadontha kuchokera m'mphepete mwa chitenje cha mayiyo. Matabwa onse pomwe anaima anali chonyowa. M'dengu muja munali matope ndi zinyalala za mumtsinje.

Mvula inali isanagwe chiyambire Meyi.

Kutentha kuja kunatha. Mphepo yozizira inakwera kuchokera pansi pa mlatho. Nkhululu zinaleka kulira. Tsitsi linamuima.

Ndiye anamva mtsinje. Mkokomo wa madzi odzaza, ogubuduza miyala, pansi pa mapazi ake penipeni! Matabwa ankanjenjemera. Anaunika. Mchenga wokhawokha.

Mayiyo anamaliza. Anatembenuka pang'onopang'ono. Madzi ankatsika m'duku, kudutsa m'maso osaphethira.

"Ndakhoza, aphunzitsi?"

Zakeyu anali asananamizepo munthu pa mayeso, ndipo sakanayambira pamenepo.

"Mwa... mwakhoza, mayi."

Tochi inazima.

Ataiyatsanso, pa mlatho panalibe munthu. Dengu panalibe. Panangotsala chinyontho pa matabwa.

Sanathamange. Anawoloka akuwerenga mapazi, khosi lili chiwumire, osacheuka mpaka pakhomo pake. Atalowa anayatsa nyali n'kulemba mawu onse amene anamva asanamuthawe m'mutu. Anadzaza tsamba lathunthu.

Mawa lake madzulo gulu linasonkhana m'holo kudzamva zotsatira. Kutacha Zakeyu anali atadzilimbitsa mtima kuti kutopa ndi mdima zinamusokoneza, kuti mayiyo anali munthu ngati wina aliyense ndipo atulukira. Anadikira mpaka 5 koloko. Mayiyo sanabwere.

"Mayi wa sewero lathu ndamupeza," analengeza. "Amene akudziwa kwawo kwa Teleza Namakhwa akamuitane."

Winston anatsitsa ng'oma pansi. Maso onse anapita pakona pomwe pankakhala mayi Victoria, amene ankasoka zovala za gululo. Makina awo anali ataima.

"Mwati ndani, aphunzitsi?"

"Teleza Namakhwa. Ndinakumana naye pa mlatho usiku wathawu."

Anafotokoza zonse, osabisa ngakhale za madzi zija. Kenako anawerenga tsamba lomwe analemba. Atafika pa mawu akuti "kankha, sindinakhome," mayi Victoria anagwira pakamwa.

"Teleza ndi mng'ono wanga," anatero. "Papita zaka zisanu ndi zitatu. Chaka chimenecho mayeso anachedwa, anachitika mvula yoyamba itagwa. Iye anaweruka ku sikelo yoyezera tiyi, osapita n'kunyumba komwe, dengu lili kumsana, kuthamangira kuno. Mvula inali itagwa kuphiri, kuno kuli dzuwa. Madzi anamupeza pa mlatho. Tinakamutola mawa lake kumunsi, m'mabango. Tsamba lomwe linasowalo anabwereka kuti akaloweze, linali m'thumba mwake. Sewerolo sitinalichitenso."

Zakeyu anayang'ana dzina lija pachikuto cha fayilo, lolembedwa ndi dzanja lake lomwe. Anakhala pansi, kenako anadzukanso.

"Tichita," anatero. "Tsiku lomwe tinapangana, m'holo muno, ndi mathero ake. Mayi Victoria, inu munkamumva akuloweza kunyumba?"

"Usiku uliwonse. Mpaka tinkamukalipira kuti tigone."

"Ndiye mbali imeneyi ndi yanu. Pamakinapo asoka wina."

Mayi Victoria analandira tsamba lija ndi manja awiri, n'kulisalaza pa bondo monga amachitira ndi nsalu asanaidule. Misozi inali m'masaya, koma mawu anatuluka osagwedera.

"Aphunzitsi, ndifunse chimodzi. Mwanayo ankaopa kwambiri kuti akamubweza. Inu munamumva mpaka kumapeto?"

"Mpaka kumapeto, mayi."

"Anakhoza?"

"Anakhoza," anatero Zakeyu. "Ndipo ndinamuuza."