Siliva wa Bwana Paterson

Tawina anachoka ku Fremantle, doko la mzinda wa Perth, mochedwa, basi yomaliza itapita kale. Kuchedwako anachitira dala. Atatuluka m'shopu ya mzungu wogula ndalama zamakedzana, anakakhala kudoko mpaka pakati pa usiku, kuopa kuimbira foni bambo ake ku Zomba. Iwo ankadikira ndalama za opaleshoni ya ng'ala, maso onse awiri atachita khungu.

M'chikwama mwake munali kachitini. Agogo ake, a Luwayo, anabwera nako kuchokera kunkhondo ya ku Abisiniya, kodzaza ndalama zonyezimira za Ataliyana. Ankati mkulu wawo wa asilikali, Bwana Paterson, anawasinthira malipiro awo a zaka zitatu ndi siliva ameneyu, ati zamapepala zimadyedwa ndi chiswe. Agogowo anamukonda mzunguyo mpaka mwana wawo woyamba, bambo ake a Tawina, anamutcha Paterson. Njala zingati zinadutsa pakhomopo kachitini osakagwira, akuti n'ka tsiku la vuto lenileni!

Tsikulo linafika, koma wam'shopu uja sanataye nthawi. Anangoyandikiza maginito, ndalama zija n'kukakamira. Chitsulo. Anati nthawi ya nkhondo siliva anasowa, maboma ankangosula ndalama ndi chitsulo wamba. Kachitini konse sikakanagula ngakhale nkhuku.

Tawina anayenda mtima ukuwawa, mpaka anafika pamsewu wodutsa m'mbali mwa manda aakulu. Kunali zii. Mphepo ya Julaye inkalowa mpaka m'mafupa. Ndalama zinkalira m'chikwama, wekesewekese.

Kenako anamva mapazi kumbuyo. Wina anali kukoka mwendo. Anaima. Mapazi nawo anaima. Anayenda. Nawo anayamba...

"Iwe ndiwe wa kwa Luwayo."

Chinyanja! Usiku uno, mu Perth muno! Atacheuka anaona nkhalamba yachizungu itatsamira mpanda wa manda, itavala kabudula wa khaki m'chisanu chonsecho.

"Ndazidziwira kulira kwake," inatero nkhalambayo. "Siliva salira choncho."

Nkhalambayo inapitiriza kulankhula.

"Luwayo anandibereka kumsana masiku awiri adani atandiwombera mwendo. Ine ndinkadziwa kuti n'chitsulo. Tinazitola m'nyumba yopserera, thumba lathunthu. Iye sankadziwa kuwerenga. Malipiro ake ndi amene ndinakwerera sitima yobwera kuno."

Apa mantha a Tawina anasanduka ukali. Misozi inatsika yotentha.

"Agogo anamwalira akukutamandani," anatero Tawina. "Ababa mpaka lero amakupemphererani Lamulungu lililonse."

"N'chifukwa chake sindigona. Kamuuze asiye. Kamuuze andikhululukire."

Nkhalambayo inatambasula dzanja. Tawina anabwerera m'mbuyo, kachitini n'kugwa, ndalama mbwee mumsewu. Atadzutsa mutu... palibe munthu. Palibe mapazi. Mitengo yokha.

Anayatsa tochi ya pafoni. Kuseri kwa mpanda, pamene nkhalamba ija inaima, panali mwala wa manda wochita ndere. Paterson. Msilikali wa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Anamwalira mu 1987! M'munsi munalembedwa m'Chingerezi kuti anali munthu wokhulupirika.

Foni inalira m'manja momwemo. Anali bambo ake, kwawo kunali kukadali madzulo.

"Wagulitsa, mwanawe? Adokotala akuti Lachinayi."

Tawina anayang'ana ndalama zomwazika mumsewu.

"Usaope mtengo wake, uwauze apereke zonse," anapitiriza bambowo akuseka. "Bwana amene ndinatenga dzina lawo sakanawanamiza ababa. Ndikangopenya, ndikufuna ndikaone manda awo, ndikathokoze."

Tawina anayang'ana dzina la bambo ake pamwalapo.

"Ababa," anatero chapansipansi, "ndili pomwepo."