Makatani a Safia

Latif analowa m'shopu yosokera ya pafupi ndi msika wa Mangochi thukuta lili kamukamu. Safia anaimitsa makina n'kumuyang'ana.

"Achemwali, mumasoka makatani?"

"Timasoka. A nyumba yanu?"

"Ya abwana anga. Ine ndimangogulitsa." Anaseka. "Kapena ndinene kuti ndimayesa kugulitsa."

Anafotokoza kuti abwana akewo, a Sulemani, anamanga nyumba yosanja m'mbali mwa msewu wa ku Makokola, n'kuigawa timafulati ta chipinda chimodzi ndi pabalaza. Ankaganiza kuti achinyamata a m'maofesi ndi m'mahotela adzalimbirana. Koma chaka chinatha popanda wogula.

"Aliyense akabwera amafunsa bwalo," anatero Latif. "Wina akuti usipa ayanika pati. Wina akuti apongozi akabwera agona pati. Dzulo bambo wina anandifunsa ngati pa sadaka anthu adzakhale pamasitepe."

Safia anaseka mpaka misozi.

"Ndiye makatani athetsa bwanji vuto la bwalo?"

"Abwana akuti tikongoletse fulati imodzi, izioneka ngati mukukhala anthu."

Safia anasankha yekha nsalu yachikasu ya maluwa obiriwira, ndipo anapita yekha kukaipachika. Atatsika pampando, anapeza Latif akuyang'ana iye, osati mawindo.

"Nyumbayi inkasowa inu," anatero mnyamatayo.

Sipanapite nthawi, "inu" anasanduka "iwe". M'mawa uliwonse foni ya Safia inkalira: "Wadzuka bwanji, duwa langa? Mtima wanga wadzukira kwa iwe." Makatani aja Safia anakana kuwalipiritsa. Ankati ndi obwereketsa, adzawatenga tsiku lolowa m'nyumba yawo.

"Ndikangogulitsa fulati imodzi, amalume apita kwanu," Latif analonjeza. "Ndowa yathu, ukwati wa kumzikiti, timanga mvula isanagwe. Ndikulumbira, Safia wanga."

Koma ogula ankangobwera, kusisita makoma, kuyamikira makatani, n'kumapita. Zinthu zinali zitakwera mtengo, ndipo amene anali ndi kangachepe ankakonda kugula puloti kunja kwa tauni.

Tsiku lina Safia anatsegula foni n'kuona chithunzi chimene Latif anaika pa intaneti. Pabalaza pa fulati ija panali mtsikana wovala mpango wofiira, akuthira tiyi m'kapu ya Latif. Kumbuyo kwawo kunali makatani achikasu. Pansi pake panalembedwa kuti: "Banja laling'ono, nyumba yaing'ono, chikondi chachikulu."

Safia anawerenganso mawuwo. Banja? Banja lake liti?

"Ameneyu ndani?" analemba.

"Ndi Shakila, amagwira ntchito kuhotela ku Makokola. Ndi malonda chabe, wapamtima. Abwana akuti anthu sagula makoma, amagula moyo umene akuuona mkatimo."

"Nanga ine ndilibe nkhope yojambulitsa?"

"Iwe mayi ako angakulole kujambulitsa ndi mwamuna ndowa isanachitike?"

Safia anadziwa kuti zinali zoona. Koma tsiku limenelo anasoka mkono wa diresi la kasitomala chagada, n'kusomola kawiri.

Kuyambira pamenepo, wogula aliyense akamabwera, Shakila nayenso ankabwera pa kabaza kudzakhala mayi wa pakhomo. Ankafukiza ubani, kukazinga anyezi kuti fungo limveke pamasitepe, n'kusiya masilipasi ake pakhomo pafupi ndi nsapato za Latif.

"Amakuitana kuti chiyani pamaso pa anthuwo?" Safia anafunsa ali kuseri kwa shopu.

"Aa, zimenezo n'zosafunika."

"Ndiuze."

"Amati 'abambo a kunyumba'."

"Iwe n'kumavomera?"

"Ndikane pamaso pa kasitomala? Safia, nsanje yakoyi itidyetsa chiyani? Zonsezi ndikuchitira iwe."

Safia anachita manyazi, napepesa. Koma mtima sunapepese nawo. Ankatsegula chithunzi chija kangapo pa tsiku, kuchikulitsa ndi zala, kuyang'ana pamene panali dzanja la Shakila. Kodi munthu wongochita sewero amamuyang'ana mnzake choncho? Nanga bwanji mauthenga a m'mawa anayamba kufika masana, ena osafika n'komwe?

Kenako uthenga umene ankaudikira unabwera: "Yagulidwa!"

Safia analumpha, nakumbatira mayi ake. Anasesa bwalo, anachapa mikeka, nayamba kudikira amalume a Latif. Lachisanu linadutsa. Lina linadutsanso. Akaimba foni, Latif ankati, "Ndili ndi abwana, ndikuimbira." Mitambo ya mvula inayamba kusonkhana kumapiri a ku Namwera.

Tsiku lina m'mawa anatseka shopu n'kukwera kabaza. Anadziuza kuti akungokatenga makatani ake, poti fulati inali ndi mwini wake tsopano.

Pakhomo anapeza masilipasi aja, ndi nsapato zimene ankazidziwa bwino. Anagogoda. Anatsegula ndi Shakila, atamanga chitenje m'chifuwa, m'manja muli chipande.

"Salamu aleikumu. Muli ndi kasitomala lero?" anafunsa Safia.

"Kasitomala? Ayi, achemwali. Muno ndi mwanga. Ndinagula ndine." Shakila anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndinu atelala aja eti? Lowani."

Latif anatuluka kuchipinda atavala vesiti. Ataona Safia, anaima ngati wapondedwa ndi njinga.

"Safia, ndikufotokozera..."

"Fotokoza."

Anayankha ndi Shakila, modekha ngati akunena mtengo wa tomato.

"Ine kanyumba aka sindinkakafuna. Kopanda bwalo, kopanda poyanika zovala. Koma awa anandichonderera kuti ntchito iwathera. Ndiye ndinati ndigula, koma ndi zonse zimene zili pachithunzi paja. Anavomera. Amalume awo anafika kale kwathu."

Safia anatembenukira kwa Latif.

"Unati ukagulitsa imodzi, amalume ako ayenda."

"Zinthu zinavuta, duwa langa. Panalibe wina wogula. Ukanakhala iwe ukanatani?"

"Usanditchulenso duwa. Miyezi yonseyi umandiuza kuti nsanje yanga ndi matenda, ine n'kumapepesa. Ndimapepesa chiyani, Latif?"

"Mwamuna amakakhala kwa mkazi, achemwali," anatero Shakila. "Si mwambo wathu womwe? Kungoti kwa ine kuno n'kokwera masitepe."

Safia anakoka mpando uja anakwerapo tsiku loyamba, nayamba kumasula makatani. Misozi inkagwera pansalu, koma manja sanaime.

"Iii, amenewotu ali pachithunzi!" anakuwa Shakila.

"Munagula za a Sulemani, ndi uyu amene anadzigulitsa yekha. Awa ndinasoka ndine, ndipo sindinagulitse."

Kuwala kwa dzuwa kunalowa mwaukali pabalaza ponse. Kunsi, anyamata a kabaza amene ankadikira anthu pamsewu anayang'ana m'mwamba, n'kuona Latif ali chiimire m'vesiti pawindo lopanda kanthu.

Safia anapinda makatani ake bwinobwino, nawaika pamutu, n'kutsika masitepe. Foni inalira m'chikwama asanafike pansi. Anaisiya ikulira.