Ufa Unatha Mwezi Usanathe

M'nyumba ya a Bornwell Jere, pa boma la Lundazi, munalibe chuma, koma munalibenso njala. A Jere anali mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale. Anachokera ku Chipata ali mnyamata, nakwatira Mainess, mwana wa alimi a ku Magodi. Mulungu anawapatsa ana awiri: Levy, amene anali atangolemba mayeso a Giredi 12, ndi Linah wa Giredi 4.

Malipiro a a Jere anali ochepa, komabe mwezi uliwonse unkatha anthu akudya. Luso lonse linali kwa mayi Mainess. Malipiro akalowa, amuna awo ankawapatsa ndalama ya chakudya yonse kamodzi, ndipo iwo ankadziwa pamtima zoyenera kugula: thumba la ufa, mafuta ophikira otchedwa saladi, shuga, mchere, sopo, nyemba ndi kapenta. Zotsala ankazigawa panayi, za ndiwo za sabata iliyonse. Pa botolo la saladi ankamangapo ulusi, ndipo mafuta sankaloledwa kutsika kupitirira ulusiwo Lamlungu lisanafike.

Ana akadandaula kuti ndiwo zilibe mafuta, mayi ankangoseka.

"Tikadya zonse sabata yoyamba, sabata yomaliza tizadya chiyani? Idyani, muthokoze Mulungu."

Chaka chimenecho mayi Mainess anapezeka ndi matenda a shuga. Miyendo inkawawa, ndipo ulendo wa kumsika unayamba kuwalemera. Kuchipatala anawapatsa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, nawachenjeza kuti asamamwe m'mimba mulibe kanthu. Motero ntchito yogula chakudya inagwera Levy, poti iye ankangokhala panyumba kudikira zotsatira za mayeso.

Tsiku loyamba, mayi anamuika ndalama m'manja koma sanasiye msanga dzanja lake.

"Mwana wane, izi ni chakudya cha anthu anayi kufikila mwezi ukathe. Kulibe zina kumbuyo. Wamvela?"

"Namvela, amama."

Miyezi iwiri yoyamba Levy anachita bwino. Ankabwera ndi katundu yense pa njinga, ndi chenji chomwe, ndipo mayi ake ankamunyadira kwa azimayi anzawo a kutchalitchi.

Mwezi wachitatu, akupita kogula, anakumana ndi Justin, mnzake wakale wa kusukulu. Justin sankagwira ntchito, koma anali ndi nsapato zatsopano ndi foni yaikulu. Ankakhala pa khonde la shopu ina pafupi ndi siteshoni ya mabasi, pamene anyamata ankasonkhana kutchova juga pa foni.

"Boi, bwela uone," anatero Justin.

Pa foniyo panali kandege. Munthu akaika ndalama, kandegeko kankakwera, ndalama n'kumachuluka. Ukatulutsa kasanathawe, wawina. Kakathawa usanatulutse, zonse zapita.

"Ika fifite kwacha chabe. Amai ako sazaziwa. Ukawina ubweza yawo, yotsala ni yako."

"Ni ndalama ya unga iyi, Justin."

"Manje nani akuuza kuti udye unga wonse? Fifite chabe, mwana. Kapena ukali kuyamwa?"

Anyamata ena anaseka. Levy anaika fifite, ndipo anawina. Tsiku limenelo anagula zonse za panyumba, natsala ndi ndalama m'thumba mwake zimene sanazikhetsere thukuta. Akupalasa njinga kubwerera, mtima wake unali kale pa mawa.

Mawa lake analuza. Mkuja analuzanso. Sabata isanathe anali atalowa mu ndalama ya ndiwo.

Mwezi wotsatira anabwera ndi kabotolo kakang'ono ka saladi ndi kapenta wa theka.

"Vinthu vakwela, amama. Mukanaona mitengo, mukanalila."

Mayi sanadabwe kwenikweni, chifukwa aliyense ankadandaula za kukwera kwa zinthu. Anangosuntha ulusi pa botolo. Koma Levy anali ataphunzira chinyengo china. Akagula thumba la ufa, ankadutsa kwa mayi wina wogulitsa pamela, timapepala ta ufa wa tsiku limodzi. Ankamupungulirako ufa, kulandira ndalama, n'kusokanso thumbalo bwinobwino.

Mayi Mainess anayesa kulinyamula, nakwinya nkhope.

"Thumba ili lapepuka."

"Ni mwamene apakila masiku ano, amama. Onse adandaula."

Tsiku lina a Jere, pochokera kusukulu, anamuona pa khonde lija, mutu uli pa foni ya Justin. Sanamuyankhule pamaso pa anzake. Anadikira kunyumba.

"Levy, uchita chiyani pa malo paja?"

"Timaonela mpila chabe, atate."

"Ine ndaphunzitsa ana ambili, ndipo ena a iwo ndawaona atathela pa khonde lija. Juga imayamba na ndalama yaing'ono, koma siiziwa kukhuta. Usakabwelelekonso."

"Sindizabwelelako, atate."

Anabwererako m'mawa mwake.

Mwezi umenewo ufa unatha sabata yachitatu. Sizinachitikepo chikwatiranire. A Jere anayang'ana m'thumba lopanda kanthu, ndipo mkwiyo unawakwera.

"Amake Levy, ndalama ndikupatsani yonse, sindichotsako olo wani kwacha. Unga upita kuti? Kapena mwayamba kutumiza kwanu ku Magodi?"

Zaka zonsezo a Jere sanawanenepo akazi awo mawu otere.

"Atate ake Levy, ine nikubeni imwe?"

"Nanga ndinene chiyani? Unga uli na miyendo?"

Levy anali m'chipinda, ndipo anamva zonse. Akanatha kutuluka. Anagwira chitseko, kenaka anachisiya, nakhala pa bedi.

M'mawa, a Jere atapita kuntchito, mayi anamuitana kukhitchini.

"Levy, niyang'ane m'maso. Kuli chimene ubisa? Ngati walakwa, niuze ine. Tizakonza tiwili, atate ako osaziwa."

Imeneyo inali nthawi yake yopulumukira. Koma Levy anali atatenga kale kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu, kwa munthu amene Justin anamupezera, ndipo ankakhulupirira kuti akangowina kamodzi adzabweza zonse popanda wina kudziwa.

"Amama, Mulungu aona, sindinatengepo kanthu."

Mayi anamuyang'ana. Kenaka anapukusa mutu.

"Basi, ni ine nalephela kusunga. Matenda aya yanisokoneza mutu."

Kuyambira pamenepo mayi Mainess anapeza njira yawo yotalikitsira ufa. Ankaphika, kugawira amuna awo ndi ana, iwo n'kukhala kukhitchini. Akafunsidwa, yankho linali limodzi: "Nadya kale pophika." Mapiritsi okha ndiwo sankaphonya, poopa kuti matenda akula.

Mwezi wotsatira zinthu zinaipiratu. Wa kaloba ankafuna zake, ndipo theka la ndalama ya chakudya linapita kumeneko tsiku lomwelo. Kuti asafike chimanjamanja, Levy anatenga katundu pa ngongole kwa a Amock, mwini shopu imene banjali linkagulako, nanena kuti atate ake ndiwo amutuma. Ufa anaupungulanso monga kale.

Loweruka lina m'mawa, sabata yomaliza ya mwezi, m'nyumba munalibe chophika. A Jere anali atapita ku msonkhano wa aphunzitsi, Linah ku kwaya ya ana. Mayi anamasula nsonga ya chitenje, natulutsa kandalama kamene anasunga atagulitsa nshawa, kapena kuti mtedza, zimene mlongo wawo Mizeck anatumiza kuchokera ku Magodi.

"Gula pamela na kapenta pang'ono. Ubwele mwamsanga, mwana wane. Namwa kale mankhwala, ndipo thupi lanjenjemela."

Levy anaona kuti manja a mayi ake akunthunthumiradi, ndipo anathamanga. Koma njira ya kumsika inkadutsa pa siteshoni.

"Boi! Lelo kandege kapatsa," anafuula Justin. "Ika iyo, mu maminitsi awili uzagula thumba lonse, osati pamela."

Levy anaima. Anaganiza za nkhope ya mayi ake atawona thumba lathunthu likulowa pakhomo. Anaika yonse. Kandegeko sikanakwere n'komwe. Kanathawa pomwepo.

Manyazi anamugwira. Sakanatha kubwerera opanda kanthu, choncho anakakhala kuseri kwa mashopu, kuganiza bodza lina loti akanene. Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Foni yake inalira kangapo, nambala ya mayi Irene oyandikana nawo nyumba. Anaganiza kuti ndi mayi ake akufunsa za ufa, ndipo anaizimitsa.

Sanali mayi ake. Anali Linah. Mwanayo pobwera ku kwaya anawapeza atagwa pafupi ndi beseni la zochapa, thukuta lili thupi lonse, osayankha. Palibe amene anadziwa kuti anagona pamenepo nthawi yaitali bwanji. Mayi Irene anapeza takisi, natumiza uthenga kwa a Jere.

Levy atafika kunyumba anapeza chitseko chili pululu, ndipo ana a pafupi anamuuza kuti athamangire kuchipatala. Analowa m'wodi pamene namwino ankafunsa atate ake.

"Shuga wawo watsika kwambili. Anadya liti komaliza?"

"Amadya masiku onse," anayankha a Jere. "Amadyela kukhichini."

Linah anayamba kulira.

"Samadya, atate. Ine ndinawaona. Amamwa chabe madzi, ndiye atsuka mbale yawo kuti muziona monga adya. Anandiuza kuti ndisanene."

Levy anayang'ana pansi. Madokotala anachita zonse zimene akanatha, koma mayi Mainess sanatsegulenso maso. Anamwalira Lolemba m'mawa.

Anthu anayamba kusonkhana pa nyumba ya maliro, ndipo panalibe chowaphikira. A Jere anapita okha kwa a Amock kukapempha ufa pa ngongole. A Amock anawapepesa, nawapatsa matumba awiri, kenaka anati mwaulemu:

"Musavutike mtima, a ticha. Izi tizaphatikiza na zija anatenga Levy."

"Ziti?"

"Za mwezi uno. Anati mwamutuma ndimwe. Ine ndinaona kuti zinthu zakuthinani, chifukwa miyezi yapitayi mwakhala mugula theka la zimene munali kugula kale."

"Si kuti mitengo inakwela?"

"Inakwela, koma osati kufika pamenepo."

A Jere anabwerera akuyenda ngati munthu wodwala. Kutsogolo kwa nyumba azimayi ankaimba nyimbo za maliro. A Jere anaitana Levy kuseri, pafupi ndi khola la nkhuku.

"Ndachoka kwa Amock."

Levy anagwada asanafunsidwe. Zonse zinatuluka: kandege, kaloba, thumba losokedwa kawiri, ndi kandalama ka nshawa ka Loweruka lija.

"Anakuuza kuti amwa mankhwala?"

"Anandiuza, atate."

"Ndipo unaona kuti anjenjemela?"

"Ndinaona."

A Jere anakhala pa njerwa. Mawu awo anatuluka otsika kwambiri.

"Ine ndinawanena amako kuti ni akuba. Mkazi amene sanandibelepo olo mchele. Wapita na mau amenewo mumtima, ndipo sindinapepese. Iwe unali m'chipinda, unamva, unakhala chete."

"Ndimenyeni, atate! Chonde ndimenyeni!"

"Ndikakumenya, azauka?"

Anaimirira namusiya ali chogwada.

Mayi Mainess anaikidwa kwawo ku Magodi. Justin sanabwere ku maliro. Anangotumiza uthenga pa foni wokumbutsa kuti wa kaloba akudikira. A Jere anagulitsa njinga yawo kuti alipire wa kalobayo ndi a Amock, poti dzina limene linatengera katundu linali lawo.

Maliro atatha, Levy sanabwerere ku boma. Malume ake Mizeck anati akhale nawo, azilima ndi kuyang'anira ng'ombe. Lamlungu lina anaimirira pamaso pa akulu a mpingo wa kumudziko naulula tchimo lake lonse, osabisa kanthu. Zotsatira za mayeso zitatuluka zinapezeka kuti anakhoza bwino, koma panalibe amene anasangalala, ndipo iye mwini anangolira.

Linah anatengedwa ndi azakhali ake ku Chipata, chifukwa kunyumba kunalibe womusamalira. A Jere anatsala okha m'nyumba ya zipinda zitatu. Patapita chaka anapita ku Magodi, napeza Levy ali m'munda wa chimanga. Anamugwira paphewa nati, "Ndakukhululukila, mwana wanga. Upemphe Mulungu andikhululukile na ine." Analira awiriwo pakati pa mizere.

Koma Linah, akabwera pa holide kudzaona manda, amapereka moni kwa aliyense kupatula mlongo wake. Levy akamuyandikira, iye amanyamuka mwakachetechete n'kukakhala pena. Levy samuumiriza. Amadziwa kuti mwanayo ndi amene anawapeza mayi ali pansi, naimba foni mobwerezabwereza osayankhidwa.

Inu achinyamata amene makolo amakutumani ndi ndalama ya chakudya, dziwani kuti mwanyamula moyo wa anthu a m'nyumba mwanu. Imene mwachotsapo mobisa, wina adzailipira ndi njala, ndipo kawirikawiri amakhala amene amakukondani koposa. Thawani juga, ngakhale ya fifite kwacha. Ndipo ngati mwagwa kale, nenani zoona lero, makolo anu akadali ndi moyo woti akumveni. Levy analapa, ndipo Mulungu amakhululuka, koma mayi ake sanabwerere.