Dzina Limene Linalowa mu Rekodi

Moven anali ndi chizolowezi chimodzi: sankaitana mtsikana ndi dzina lake. Aliyense kwa iye anali "shuga", "mtima wanga", "kanyenyezi". Dzina ankalisungira m'nyimbo. Akalitchula gitala ili pamimba, maso atatsinzina, mwini dzinalo ankaiwala ngakhale njira ya kwawo.

Cathrine anakumana naye m'tauni ya Lusaka, pokwerera basi za ku Chawama, chaka cha 1975. Basi itafika anthu anakankhana, ndipo thalauzi la belobotomu, lotambalala kumiyendo, la mnyamata wina wonyamula gitala linakodwa pachitseko. Kweee!

Cathrine anaphulika kuseka.

"Mwaseka, shuga?" anafunsa mnyamatayo, dzanja lili kumbuyo.

"Nisaseke? Belobotomu ikulu monga tenti, koma kumbuyo kuli windo!"

Cathrine anali telala pakhonde la sitolo ina ku Kamwala, ndipo singano sinkachoka pa kolala yake. Basi inawasiya. Cathrine anamuimiritsa mnyamatayo pakhoma n'kuyamba kusoka pomwepo.

"Imililani bwino, nizakulasani."

"Lasani chabe. Munthu wokongola so akanilasa, nizayenda nayo bala kukaonetsa banzanga."

Umo ndi momwe zinayambira.

Moven ankaimba mu bandi ya Mphezi, anyamata a tsitsi lalikulu ndi nsapato zazitali ngati njerwa. Posakhalitsa zovala zonse za bandiyo zinkasokedwa ndi Cathrine. Thalauzi lililonse limene Moven ankabweretsa linkakhala ndi kapepala m'thumba.

"Kanyenyezi kanga, nikadya sinikhuta, nikagona sinigona. Loweruka masana bwela ku holo ya Chawama. Nili na mphatso yako."

Anapita. Holo inadzaza achinyamata, fumbi lili kobo. Pakati pa dansi Moven anakweza dzanja, ng'oma zinafatsa, iye anatsinzina n'kuyamba:

"Cathrine, Cathrine, ukanisiya nizafa na njota pakati pa mtsinje wa Kafue..."

Mayo! Dzina lake, pamaso pa Chawama yonse! Atsikana anamutembenukira, ena akumutsina, ena akumudya ndi maso. Ndani akanaima nji pamenepo?

Panja, Moven anamugwira manja onse awiri.

"Mvela, mtima wanga. Tsiku lamene nyimbo iyi izalila pa wailesi, nizatuma bankhoswe kwanu. Zambia yonse izadziwa kuti ndiwe wanga."

Bambo ake a Cathrine, a Dyton, amene anachoka ku Ntcheu ali mnyamata kudzagwira ntchito ya njanji, sanasangalale.

"Mwananga, munthu wa gitala anakwatira kale. Mkazi wake ndi gitalayo. Ndipo wailesi imeneyi imangoimba za ku Congo ndi za azungu. Udzadikira mpaka imvi."

Mkulu wake wa Cathrine, Sophia, anali ndi shopu yosokera ku Kabwe, ndipo ankamuitana kuti akagwire limodzi ntchito, phindu azigawana. Cathrine ankangoti "ndibwera", osapita. Asiye Moven ku Lusaka? Asiye nyimbo yake?

Nthawi zina ankapempha kuti akamuonere akamaimba ku Matero kapena ku Kanyama.

"Iyayi, shuga! Kuja bamaponya mabotolo. Nkhope iyi ikapwetekeka, ine nizaimbila ndani?"

Cathrine ankaona ngati ndicho chikondi.

Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Boma linalamula kuti wailesi iziimba kwambiri nyimbo za kuno kwathu. Mabandi amene ankangothera m'mabala ndi m'maholo anathamangira kukajambulitsa. Wailesi inali ndi njala ya nyimbo, ndipo a Mphezi nawo anajambula rekodi yawo yoyamba.

"Ituluka liti?" Cathrine ankafunsa.

"Ikali, kanyenyezi. Vinthu ivi vimachedwa."

Chodabwitsa, Moven sankaoneka wokondwa. Anangobwera ndi nsalu yoyera yonyezimira kuti amusokere suti.

"Ni ya shoo ikulu kumapeto kwa mwezi. Uikemo luso yako yonse."

Mlungu womwewo Sophia anatumiza mawu omaliza: mwezi ukatha asanafike, malowo apatsa wina. Cathrine sanayankhe. Anali kalikiliki ndi suti.

Ndiye tsiku lina muulutsi ananena yekha pa wailesi kuti Lamlungu masana aimba nyimbo yatsopano ya bandi ya Mphezi. Cathrine anakuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Kani Moven ankafuna kumudzidzimutsa!

Lamlungu, atachoka kutchalitchi, a Dyton anagula mabatire atsopano. "Ngati mnyamatayo wasunga mawu ake, ine ndilandira ankhoswe," anatero. Wailesi anaiika pa mpando pansi pa mtengo wa mango. Anansi anabwera ndi timipando tawo. Amayi ake a Cathrine anamanga chitenje cha paukwati. Cathrine anakhala kutsogolo.

Gitala inalira. Inali yomweyo! Ng'oma zinafatsa monga mwa nthawi zonse. Cathrine anatsegula pakamwa kuti aimbire limodzi.

"Marjory, Marjory, ukanisiya nizafa na njota pakati pa mtsinje wa Kafue..."

Zii.

Nyimbo inapitirira, ndipo dzinalo linabweranso, momveka bwino, kopanda ndi kokanda komwe.

"Ba Cathrine," anafunsa mayi wina woyandikana nawo, "kapena muli na dzina ina ya ku ubatizo?"

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. A Dyton anazimitsa wailesi, nachotsa mabatire, nawaika m'thumba la jekete. Bola akanakalipa!

Marjory? Marjory ndani?

Cathrine sanalire. Anavala nsapato n'kuuyamba wa ku Kanyama, kumene Moven ankagona m'kachipinda kuseri kwa bala ya a Mukuka. Pakhomo panali loko. Pa sitepe panakhala mtsikana wina woonda, nsapato zili m'manja, maso ali psuu.

Cathrine anaima patsogolo pake, manja m'chiuno.

"Ndiwe Marjory?"

Mtsikanayo anadzuka ngati walumidwa ndi linthumbu. "Ine? Ine nimaganiza ndimwe! Ndine Felistus, wa ku Matero. Ija nyimbo ni yanga!"

"Yako bwanji?"

"Anaipangila ine! Ku holo ya Matero amaimba 'Felistus, Felistus'. Anthu bonse badziwa. Anakamba kuti ikalila pa wailesi azatuma bantu kwathu. Lelo bamayo banapaya na nkhuku!"

Cathrine anakhala pansi pa sitepe yomweyo.

"Anakuletsa kubwela ku Chawama?"

"Anati kuja bamaponya mabotolo."

Anayang'anana. Cathrine anaseka, kuseka kouma kopanda mano.

Nthawi yomweyo Moven anatulukira pakona akuimba mluzu. Atawaona awiriwo, mluzu unafera pamilomo.

"Shuga..."

"Uti?" anafunsa Cathrine. "Tili babili pano. Tchula dzina."

Moven anayang'ana uku ndi uku ngati akufuna pothawira.

"Mvelani, nimasulile. Ni mwamene timasebenzela ise boimba. Ku Chawama uimba dzina ya ku Chawama, ku Matero ya ku Matero, kuti anthu bakondwe. Siniganizepo kuti vizafika apa. Manje rekodi... rekodi siili monga holo. Ukaikamo dzina, yalowa yalowa. Ku studiyo ninayesa kuimba chabe 'mtima wanga', koma ba Mukuka banali pamene apo, baimilila kumbuyo kwanga."

"Ba Mukuka balowapo bwanji?"

"Magitala ni yao. Ng'oma ni zao. Na chipinda ichi ni chao. Marjory ni mwana wao."

Felistus anaponya nsapato. Inamuphonya n'kumenya chitseko.

"Koma mu mtima, kanyenyezi, mu mtima ndiwe! Uja ni wa pa rekodi chabe!"

"Ukamba na ndani?" anafunsanso Cathrine. "Ukali sunatchule dzina."

Koma Moven, popanda gitala, dzina linamukanika.

Apo m'pamene Cathrine anakumbukira nsalu yoyera ija. Shoo yanji imene munthu amavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi? Anaimirira pang'onopang'ono.

"Moven. Ija suti nisoka. Shoo ya kumapeto kwa mwezi ni ya ku holo iti?"

Moven anayang'ana pansi.

"Ni ku holo iti, Moven?"

"Ni... ku chalichi."

Ha! Masiku onsewo, maso akuwawa ndi ulusi woyera, iye ankasoka suti ya ukwati wa mwamuna wake ndi mkazi wina! Munthu angakhale wolimba mtima chotere?

"Palibe telala wina amene anidziwa thupi monga iwe," anatero Moven motsitsa mawu, ngati akumuyamikira.

Cathrine sanamumenye. Anatola nsapato ya Felistus n'kumupatsa.

"Vala, mwana wa bene. Yenda ukadye nkhuku yako isanazizile."

Pobwerera, nyimboyo inamupeza panjira. Inkalira m'bala, inkalira pa kantini, ana anali atayamba kale kuiimba akutunga madzi pampopi. Marjory, Marjory. Lusaka yonse inali itaikonda. Moven sananame pa chimodzi: Zambia yonse inamva. Ndipo ku Chawama aliyense amene anavinapo mu holo ija ankadziwa dzina limene linachotsedwamo.

Atafika kunyumba anasolola chikwama pansi pa bedi. Anaikamo madiresi, lumo lake lalikulu, tepi yoyezera ndi chitini cha mabatani. Makina ake a pamanja anawakulunga m'chitenje n'kumanga mfundo ziwiri. Timapepala ta m'matumba tija anatiponya pa mbaula.

Amayi ake anaima pakhomo. "Ukupita kwa Sophia?"

"Mwezi sunathe, amayi. Malo akadalipo."

A Dyton anatulutsa mabatire aja m'thumba n'kumupatsa. "Ukaike mu tochi. Ku Kabwe magetsi amavuta."

Suti yoyera inali pa msomali. Jekete inali itatha kusokedwa, yokongola zedi, koma thalauzi linali ndi mwendo umodzi. Winawo unali nsalu ziwiri zogwidwa ndi mapini.

"Nanga akabwera kudzatenga ichi?" anafunsa amayi.

Cathrine anakweza makina pamutu, nanyamula chikwama.

"Mumupatse momwemo. Akamuimbire Marjory, ndiye amumalizire."